Kukasaka Thyolo Alethe mu July, ndi misala?

Kalata ya mlongo wina wa ku Lilongwe yandigoneka mochedwa. Akufuna kukaona mbalame yotchedwa Thyolo Alethe mu July, koma anzake akuti nyengo yachisanu mbalame siziimba, komanso zimenezo ndi za azungu. Ndiye akufunsa ngati adikire dzinja.

Achemwali, mawu akuti "za azungu" ndi amene andiyabwa. Ine ndinakulira ku Thyolo, legeni ili m'khosi. Pumbwa, timba, mpheta, njiwa, tinkadziwa chimene zimadya ndi mtengo umene zimagona. Pozootcha palibe ankati ndi za azungu. Lero ndikangonyamula ma binoculars, amalume amati, "Ndiye mukaiona mudya?"

Alethe ndinaiona ku Mulanje, m'nkhalango ya m'chigwa cha Ruo, tsiku la chiperoni, zala zitachita dzanzi. Mnyamata wotiperekeza anatiletsa kuyang'ana m'mwamba. Anati tifunefune linthumbu. Linthumbu zikamayenda, tizilombo timabalalika, ndipo mbalameyi imatsika kudzatola. Tinakhala pansi, phee, zina zikundikwera m'thalauzi. Kenako inatera pa kanthambi kapansipansi: msana wofiirira, pakhosi poyera mbee, nsonga za mchira zoyera. Sinaimbe. Sindinafunenso kuti iimbe.

Tsono za kudikirazo. Mbalameyi imapezeka m'mapiri a kumwera kwa Malawi ndi a ku Mozambique ngati Namuli, Mabu ndi Chiperone, basi. Inalembedwa koyamba mu 1927, dzina lake n'kuchokera ku Thyolo. Pitani mukalione phiri la Thyolo lero. Minda yokhayokha, nkhalango ija inapita ndi nkhwangwa. Timagawo tatsala tili m'maesiteti a tiyi ngati Satemwa. Woswa mphanje ndi wootcha makala sindiwanyoza, njala ndimaidziwa, koma munthu wokuuzani kuti "mudzapita chaka chamawa" sanaimepo pakati pa zitsa. Ndikunenetsa: kudikira ndiye misalayo.

Anzanuwo akanakhala olondola mukanati mukulowera ku Nyika kukaona Blue Swallow. Namzeze ameneyo amachoka mvula ikatha, kupita cha ku Uganda ndi Kenya, ndipo mu July mungangoononga mafuta. Alethe sasamuka choncho. Kukazizira ena amangotsikirako m'munsi mwa phiri, zimene zimakupeputsirani chikweza.

Nanga muchite bwanji?

Pitani. Gonani ku Mulanje kapena ku Thyolo, mupeze wokuperekezani wodziwa mbalame, osati wongodziwa njira ya ku Sapitwa. A Wildlife and Environmental Society of Malawi ndi poyambira pabwino pofunsa. Lawirani m'mamawa, tengani juzi, jekete ya mvula ndi sokosi zazitali zopisiramo thalauzi. Patulani masiku angapo, chifukwa chiperoni chikhoza kukudyerani tsiku lathunthu. Pobwerera dzerani pa Zomba mukafune Yellow-throated Apalis, yomwe imapezeka m'Malawi mokha muno.