Malangizo kwa mchemwali wofuna kuyamba ntchito yoyendetsa agalu ku London

Achemwali, mwafunsa ngati munthu angathe kudya ndi kulipira lendi mumzinda wa London pongoyendetsa agalu a anthu ena, popeza ntchito yosamalira okalamba imene mukugwira usiku yakutopetsani, ndipo mwakhala mukuona anthu akuyenda ndi agalu atatu kapena anayi m'mapaki masana. Yankho langa ndi lakuti n'zotheka, ndipo alipo anthu amene akukhalira ntchito yomweyi, koma chimene mwini galu amalipira si miyendo yanu ayi. Amalipira kukhulupirika kwa munthu amene wamupatsa makiyi a nyumba yake ndi chiweto chimene amachiona ngati mwana wake, iye ali kutali ku ofesi. Chikhulupiriro choterocho chimatenga miyezi kuti chimangike, n'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musafulumire kusiya ntchito imene muli nayo.

Musanagule ngakhale chingwe chimodzi, yang'anani viza yanu. Oyendetsa agalu ambiri ndi odzilemba okha ntchito, ndipo si viza iliyonse imene imalola zimenezo. Viza ya ophunzira imaletseratu kudzilemba ntchito, ngakhale kwa ola limodzi pa sabata. Ngati munabwera pa viza ya Health and Care Worker (ya ogwira ntchito zachipatala ndi zosamalira anthu), chilolezo chanu chokhala m'dzikomo chamangiriridwa kwa abwana amene anakuitanani, kotero kusiya ntchitoyo kungaike pangozi kukhala kwanu konse, ndipo ntchito yapambali imene imaloledwa ndi ya maola osapitirira 20 pa sabata, ya mitundu yosankhidwa yokha. Amene ali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale kapena viza ya Graduate (ya omaliza maphunziro a ku yunivesite m'dzikomo) alibe vuto limeneli. Funsani mlangizi wovomerezeka wa nkhani zolowa ndi kutuluka m'dziko, osadalira zonena za anzanu, chifukwa ndalama za agalu sizingabweze mapepala akaonongeka.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene ndikuganiza kuti ndi imene ikukusowetsani tulo. Phindu la ntchitoyi lili ndi malire awiri, omwe ndi chiwerengero cha agalu ndi maola. Mapaki a The Royal Parks, monga Hyde Park, Regent's Park, Greenwich Park ndi Richmond Park, amafuna kuti aliyense woyendetsa agalu pofuna ndalama akhale ndi laisensi yolipira chaka ndi chaka, ndipo salola agalu opitirira anayi nthawi imodzi. Ku Hampstead Heath, komwe kumayang'aniridwa ndi City of London Corporation, nakonso kuli laisensi yakeyake. Makhonsolo ambiri ali ndi malamulo otchedwa Public Spaces Protection Order oika malire a agalu ndi kulamula kuti mutole chimbudzi cha galu wanu, ndipo chindapusa cha pomwepo chimafika £100, pamene kukhoti chingafike £1,000. Malamulowa amasiyana khonsolo ndi khonsolo, choncho werengani a dera limene mukufuna kugwiramo ntchito. Pa nkhani ya maola, pafupifupi aliyense amafuna galu wake atuluke pakati pa tsiku, kuyambira cha m'ma 11 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana, ndiye kuti maulendo abwino ndi awiri, mwina atatu. Tiyerekeze kuti mukulipiritsa £15 pa galu aliyense ndipo muli ndi magulu awiri a agalu anayi: zimenezo ndi £120 pa tsiku, kapena £600 pa sabata ya masiku asanu. Chiwerengerochi chikuoneka chokoma, koma chikutanthauza kuti malo onse asanu ndi atatu adzaza tsiku lililonse, chinthu chimene sichichitika m'miyezi yoyamba, ndipo pa ndalamazo muchotsepo inshuwalansi, malaisensi, mayendedwe ndi msonkho. Mukadwala palibe wokulipirani, ndipo mwezi wa Ogasiti ndi nyengo ya Khirisimasi mabanja ambiri amachoka kapena amakhala pakhomo, ntchito n'kuchepa.

Chimene chimasiyanitsa wopindula ndi wongotopa ndi kuyandikana kwa nyumba za makasitomala. Ola limene mwalipidwa ndi loyenda ndi galu, koma nthawi yokatenga agalu anayi m'nyumba zinayi, kuwapukuta matope ndi kuwabweza palibe amene amakulipirani. Sankhani dera limodzi la pafupi ndi paki yaikulu ndipo mukane mwaulemu aliyense wokhala kutali, ngakhale mutakhala kuti mulibe kasitomala wina tsiku limenelo. Agalu amakwera mabasi ndi sitima zapansi panthaka kwaulere, koma pa masitepe oyenda okha muyenera kuwanyamula, zomwe sizingatheke ndi agalu anayi. Galimoto imakulitsa dera, komabe imabwera ndi mtengo wake: kuyambira pa 29 Ogasiti 2023 dongosolo lochepetsa utsi wa galimoto lotchedwa ULEZ linafika m'madera onse a London, ndipo galimoto yakale yosakwaniritsa muyezo wa utsi imalipira £12.50 tsiku lililonse imene yayenda.

Pali mfundo imene anthu ambiri oyamba kumene saidziwa, ndipo kwa ine ndiyo yolemera kuposa zonse. Chingwe chikakhala m'manja mwanu, mlandu wa galuyo ulinso pa inu. Lamulo la Dangerous Dogs Act la 1991 limaimba mlandu mwini wake komanso munthu amene akuyang'anira galu pa nthawi imene waopseza kapena kuluma munthu, ndipo la Animal Welfare Act la 2006 limakupatsani udindo wosamalira moyo wa chiweto ngakhale mwachisunga kwa ola limodzi lokha. Galu aliyense ali kunja ayenera kuvala lamba wa pakhosi wokhala ndi dzina ndi adiresi ya mwini wake. Agalu a mtundu wa XL Bully, kuyambira pa 31 Disembala 2023, ayenera kukhala pa chingwe ndi kuvala chotsekera pakamwa pagulu, ndipo kuyambira pa 1 Febuluwale 2024 mwini wake ayenera kukhala ndi chikalata chapadera chomulola kumusunga. Ine ndingakulangizeni kuti agalu oterowo muwasiyire odziwa. Mu Januwale 2023, ku Caterham m'chigawo cha Surrey, mayi wina wogwira ntchito yomweyi anafa atalumidwa pamene ankayenda ndi agalu asanu ndi atatu. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, koma kuti muone kuti malire a agalu anayi amatetezanso inu. Pezani inshuwalansi yolipira anthu ovulazidwa kapena katundu woonongeka, yoteteza galu amene ali m'manja mwanu ndiponso makiyi akatayika, ndipo musamasule galu pa chingwe popanda chilolezo cholembedwa cha mwini wake.

Ife amene tinakulira kumudzi tili ndi chinthu china choti tiphunzire mwatsopano. Kwathu galu ndi mlonda kapena mlenje, amagona panja, amadya mkute, ndipo akakuuwa umatola mwala, makamaka chifukwa cha mantha a chiwewe. Ku Britain agalu alibe chiwewe, amagona m'nyumba, ndipo kumenya galu kapena kumukoka mwaukali pamaso pa anthu kungakutayitseni makasitomala onse a mumsewu umenewo tsiku limodzi. Musamupatse chakudya chimene mwini wake sanavomereze, popeza chokoleti, mphesa, anyezi ndi zina zotsekemera za m'chingamu zimapha agalu. Ngati simunakhalepo pafupi ndi agalu a m'nyumba, yambani mwadzipereka kuyendetsa galu wa mnansi kapena kuthandiza kumalo osungira agalu osowa pokhala, ndipo chitani maphunziro afupiafupi a chithandizo choyamba cha agalu, kuti muzidziwa kusiyanitsa galu wosewera ndi galu wamantha amene watsala pang'ono kuluma.

Nyengo nayo imalamulira ntchitoyi. Mu Disembala kumada cha m'ma 4 koloko masana ndipo mvula siyopatsa tchuthi, choncho nsapato zabwino ndi jekete losalowa madzi si zodzikongoletsera. Kutentha n'koopsa koposa: pa 19 Julaye 2022 ku bwalo la ndege la Heathrow kunatentha kupitirira madigiri 40, ndipo agalu amphuno zophwatalala monga French Bulldog ndi Pug amabanika msanga ngakhale pa kutentha kocheperapo kwambiri. Pa masiku otere sinthani ulendo ukhale wam'mamawa kapena ingomutulutsani galu pamthunzi kwa mphindi zochepa. Ku Richmond Park ndi Bushy Park kuli agwape, ndipo kuyambira Meyi mpaka Julaye, pamene akuswa, agalu ayenera kukhala pa chingwe.

Makasitomala oyamba mungawapeze kudzera pa Rover kapena Pawshake, mapulogalamu a pa intaneti olumikiza eni agalu ndi oyendetsa agalu, omwe amadula gawo la ndalama zanu pa ulendo uliwonse, kapena polengeza pa Nextdoor (tsamba la pa intaneti la anthu okhala dera limodzi) ndi m'magulu a Facebook a dera lanu. Pitani ndi chikalata cha DBS chosonyeza kuti mulibe mbiri ya milandu, chimene mwina muli nacho kale chifukwa cha ntchito yanu, ndipo musabise kuti mumasamalira okalamba, chifukwa munthu amene amakhulupiriridwa kulowa m'nyumba ya gogo wodwala ali kale ndi chimene eni agalu akufuna. Kumanani ndi galu aliyense mwini wake alipo musanavomere, lembani za katemera, matenda, khalidwe ndi nambala ya dokotala wake wa ziweto, ndipo mugwirizane polemba za malipiro a tsiku limene kasitomala wasintha maganizo mochedwa. Dziwaninso kuti kugoneka agalu kunyumba kwanu kapena kuwasunga tsiku lonse, komwe kumabweretsa ndalama zochulukirapo, kumafuna laisensi ya khonsolo motsatira malamulo a 2018, komanso chilolezo cha mwini nyumba ngati mukuchita lendi.

Za msonkho n'zachidule. Mukapeza ndalama zopitirira £1,000 m'chaka cha msonkho, chomwe chimayamba pa 6 Epulo, muyenera kulembetsa ku HMRC, bungwe la boma lotolera msonkho, pofika pa 5 Okutobala chakacho chikatha, ndipo sungani malisiti onse kuyambira tsiku loyamba.

Ngati viza yanu ikulola, yambani ndi agalu awiri kapena atatu pa masiku amene simuli pa ntchito, osati masana otsatira usiku umene simunagone, chifukwa galu wamphamvu amafuna munthu wa maso. Mukaona kuti kwa miyezi itatu yotsatizana makasitomala okhazikika akukwanira kulipira lendi ndi chakudya mutachotsa kale gawo la msonkho, pamenepo mungakambirane ndi abwana anu zochepetsa maola a usiku.