Bala ingathe kumatseka msanga, koma musapiteko nokha

Mayi, mwafunsa ngati bala imene ikukusowetsani tulo ku Ndirandeko ingathe kumatseka msanga kuti ndewu zichepe. N'zotheka ndithu, ndipo ndewu zimachepadi. Koma musakalimbane ndi mwini wake panokha. Gwirizanani ndi oyandikana nawo nyumba, muwauze amfumu ndi khansala wa dera lanu, kenako mulembe kalata ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre, chifukwa ziphaso zogulitsira mowa zimachokera kumeneko. M'kalatamo mutchule masiku ndi nthawi imene phokoso ndi ndewuzo zimachitika. Apolisi akumudzi muwadziwitsenso.

Ine kwathu ku Bangwe ndaona kuti ndewu zambiri siziyamba madzulo ayi. Zimabuka usiku kwambiri, anthu atakhuta, wina akukana kulipira, botolo laswedwa kale pakhoma, ndiye otsalawo akubwerera kunyumba kukakalipira akazi ndi ana. Anthu akabalalika msanga zambiri mwa izi sizifika pamenepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mashabini. Bala ikatseka, ena amangokhotera kuseri kwa nyumba kumene kuli kachasu, kopanda chiphaso, kopandanso nthawi yotsekera. Boma litaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, mowa waukali unangolowa m'timabotolo. Choncho m'kalata yanu muwatchulenso malo amenewa.

Ngati wina akumenyedwa pakhomo, musadikire za kalatayo. Pitani ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo wovulala athamangitsidwe kuchipatala, kaya ku Queens. Mwini bala akayamba kukuopsezani, kaonaneni ndi loya kapena a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu pa nkhani za malamulo.