Chifukwa chake mlandu wa Manuel Chang unakazengedwa ku Brooklyn

Achimwene, mwafunsa kuti zinatheka bwanji kuti Manuel Chang, nduna yakale ya zachuma ku Mozambique, akaweruzidwe ku Brooklyn pomwe ngongole zomwe zinali phata la mlandu wake zinatengedwa m'dzina la anthu a ku Mozambique. Mwafunsanso ngati khoti limenelo ndi la dziko lonse lapansi ngati lija la ku The Hague. Ena akuyankhani kale kuti America imangochita zomwe yafuna basi. Yankho limenelo limakoma pocheza, koma silitiuza chifukwa chomwe khoti lomwelo linamasula munthu wina pa nkhani yomweyi. Ndiye pepani, nditalikitsako.

Si khoti la dziko lonse ayi. Dzina lake ndi United States District Court for the Eastern District of New York, ndipo ndi limodzi mwa makhoti 94 amtundu umenewu. Ku America kuli maboma awiri osanjikizana: siteti iliyonse, kutanthauza chigawo monga New York, ili ndi malamulo ndi makhoti ake, kenaka pamwamba pali boma la fedulo lomwe lilinso ndi malamulo ndi makhoti akeake. Milandu yambiri yomwe munthu wamba amakumana nayo, monga kuba, kumenyana, kutha kwa banja, ngozi zapamsewu, ngakhale kupha kumene, imathera ku makhoti a siteti. Khoti la fedulo silingangotola mlandu uliwonse womwe laukonda. Limamva mlandu pokhapokha ngati wina waphwanya lamulo la fedulo, ngati nkhani ikukhudza malamulo aakulu a dzikolo, ngati boma la America likusuma kapena kusumiridwa, ngati ndi nkhani ya sitima zapamadzi, kapena ngati anthu a masiteti osiyana akukanganirana ndalama zoposa $75,000. Makhoti 94 aja ndiwo poyambira. Kumeneko ndi komwe mboni zimalumbira ndi kupereka umboni, monga zimakhalira ku High Court kwathu kuno.

Dera la khoti la ku Brooklyn ndi laling'ono ndithu mukaliona pa mapu. Ndi zigawo zisanu zokha: Kings, komwe ndi Brooklyn, Queens, Richmond, komwe ndi Staten Island, Nassau ndi Suffolk. Anthu okhala m'menemo ndi pafupifupi 8 miliyoni. Nyumba zake zozengera milandu zili ziwiri, ina ku Brooklyn pa Cadman Plaza, ina ku Central Islip ku Long Island. Manhattan, komwe kuli Wall Street, sili m'dera limeneli, lili pansi pa khoti lina lotchedwa Southern District of New York. Koma gwirani zinthu ziwiri izi chifukwa tizifuna kutsogoloku. Choyamba, mabwalo a ndege a JFK ndi LaGuardia onse ali ku Queens. Chachiwiri, lamulo limati madzi ozungulira Manhattan ndi Bronx ndi a makhoti onse awiri, aliyense ali ndi mphamvu pamenepo.

Mbiri yake ndi yotere. M'chaka cha 1789 nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa makhoti a fedulo, ndipo siteti yonse ya New York inali ndi khoti limodzi. Mu 1814 analigawa pawiri, kumpoto ndi kummwera. La kummawa linabadwa pa 25 Febuluwale 1865, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili pafupi kutha, ndipo woweruza wake woyamba, Charles L. Benedict, anasankhidwa ndi Abraham Lincoln. Nthawi imeneyo Brooklyn unali mzinda woima pawokha, unadzaphatikizidwa ndi New York mu 1898. Ntchito yaikulu masiku amenewo inali ya padoko: sitima zagundana, katundu waonongeka, amalinyero sanalipidwe. Nkhani ija ya madzi ogawana inachokera kumeneko. Palibe amene ankalota kuti khoti la milandu ya padoko lidzaweruza nduna ya ku Africa. Chinasintha zinthu ndi ndege ndi dola.

Dola imayenda motere. Munthu ali ku Abu Dhabi akatumiza madola kwa mnzake ali ku Switzerland kapena ku Maputo, kawirikawiri ndalamazo sizilumpha kuchoka ku banki iyi kufika ku inayo. Zimadutsa kaye ku banki ina ya ku America, makamaka ku New York, yomwe imasunga maakaunti a madola a mabanki akunja. Kudutsako kumatenga kanthawi kochepa, wotumizayo mwina sadziwa n'komwe, koma pamaso pa malamulo a America ndalamazo zaponda dziko lawo. Ali ndi lamulo loletsa kuchita chinyengo pogwiritsa ntchito mawaya, kutanthauza foni, imelo kapena kutumiza ndalama kudzera ku banki, ndi lina loletsa kubisa gwero la ndalama zakuba. Malamulo awiri amenewa ndi omwe amakola anthu oti ku America sanapiteko n'kamodzi komwe.

Tsono tione za Chang. Iye anali nduna ya zachuma kuyambira 2005 mpaka 2015, nthawi ya pulezidenti Armando Guebuza. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma anatenga ngongole: ProIndicus $622 miliyoni, EMATUM $850 miliyoni, MAM $535 miliyoni. Zonse pamodzi pafupifupi $2 biliyoni, kudzera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Ankati ndi zogulira maboti ophera nsomba za tuna, maboti olondera nyanja ndi malo okonzera sitima, ndipo kontirakiti inapita ku kampani ya Privinvest. Chang ndiye anasaina kuti makampaniwo akalephera, boma lidzabweza, nyumba ya malamulo ya Mozambique isanavomereze. Zitaululika mu 2016, IMF ndi maiko opereka thandizo anaimitsa ndalama, metikali inagwa, zinthu zinakwera mtengo. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia safunika kuuzidwa, anaziona okha pamsika.

Oimira boma la America pa milandu ananena kuti ndalama zoposa $200 miliyoni zinapatutsidwa n'kukhala ziphuphu, ndipo Chang yekha analandira $7 miliyoni. Koma taonani bwino chomwe anamuimba nacho mlandu. Sanati wabera anthu a ku Mozambique, chifukwa umenewo si mlandu wa khoti la ku Brooklyn. Anati anachita upo wonamiza anthu omwe anagula zidutswa za ngongolezo, ena mwa iwo a ku America, komanso upo wobisa ndalama zakuba zomwe zinadutsa m'mabanki a ku America. Kwa ine apa ndi pomwe pamawawa. M'khotimo odandaula pamaso pa lamulo anali ogula ngongole, osati mayi wa ku Moatize amene mtengo wa ufa unamukwerera.

Nanga bwanji Brooklyn osati Manhattan kapena Washington? Malamulo aakulu a America amati munthu aweruzidwe m'dera lomwe mlandu unapalamulidwa. Pa mlandu wa upo, zimakwanira kuti mmodzi mwa opanganawo achite kanthu kopititsa upowo patsogolo ali m'deralo, ngakhale kungotsika ndege pa JFK popita ku msonkhano wokhudza nkhaniyo. Palinso lamulo lina loti mlandu wopalamulidwa kunja kwa America ukazengedwe komwe woganiziridwayo wamangidwira kapena komwe wafikira koyamba. Ndege zambiri zochokera kunja zimatera pa JFK, ndiye mwaona chifukwa chake khoti limeneli limakhala ndi alendo ochuluka chonchi. Ngakhale madzi ogawana aja maloya a boma amawagwiritsa ntchito, ponena kuti mawaya otumizira ndalama ndi mauthenga anadutsa pamenepo.

Chang anamangidwa pa 29 Disembala 2018 pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg, America itapempha. Kenaka kunayamba kukokanakokana, Mozambique ikuti abwere kwawo, America ikuti apite kwawo. Nduna ziwiri za chilungamo ku South Africa, Michael Masutha mu 2019 ndi Ronald Lamola mu 2021, zinasankha Maputo. Koma mgwirizano wa mabungwe a ku Mozambique komweko, Fórum de Monitoria do Orçamento, unakatsutsa kukhoti poopa kuti akafika kwawo nkhani ikazizira. Mu Novembala 2021 khoti la ku Johannesburg linagamula kuti apite ku America, maapilo a Mozambique analephera, ndipo ananyamuka mu Julayi 2023. Amene mukuti America inangomutola muziikumbukira mbali imeneyi: amene analimbikira kuti apite ku Brooklyn anali a ku Mozambique anzake. Mu Ogasiti 2024 anapezeka wolakwa pamaso pa woweruza Nicholas Garaufis, ndipo mu Januwale 2025 analamulidwa kukhala kundende miyezi 102, zomwe ndi zaka zisanu ndi zitatu ndi theka.

Munthu amene ndinati anamasulidwa uja ndi Jean Boustani wa ku Lebanon, yemwe ankagwira ntchito ku Privinvest. Anamangidwa pa JFK mu Januwale 2019, mlandu wake unazengedwa m'nyumba yomweyo ya ku Brooklyn pamaso pa woweruza William Kuntz. Anaima yekha kupereka umboni, osakana kuti ndalama zinaperekedwa kwa akuluakulu, koma maloya ake anakakamira mfundo imodzi: munthuyu sananamize aliyense wogula ngongole, ndipo ku America anali asanafikeko mpaka tsiku lomangidwa. Mu Disembala 2019 jury, gulu la anthu wamba osankhidwa kumva mlandu n'kugamula, inamupeza wosalakwa. Ena mwa anthu a mu jury atatuluka anauza atolankhani kuti sanaone kugwirizana kwa nkhaniyo ndi dera la khotilo. Ndiye mphamvu ya khotili ili ndi malire, ndipo owaika malirewo ndi anthu wamba 12 otengedwa m'zigawo zisanu zija, mwina namwino wa ku Queens, dalaivala wa basi wa ku Brooklyn, mphunzitsi wa ku Nassau. Kuti munthu apezeke wolakwa pamafunika onse 12 avomereze. Woweruza sagamula zoti walakwa kapena ayi, iye amayendetsa mlandu, kufotokozera jury malamulo, ndi kupereka chilango. Pa nkhani yomweyi, anthu atatu omwe ankagwira ntchito ku Credit Suisse, Andrew Pearse, Surjan Singh ndi Detelina Subeva, anavomera okha milandu. Mu Okutobala 2021 bankiyo inavomera kulipira pafupifupi $475 miliyoni ku America ndi ku Britain komanso kukhululukira Mozambique ngongole ya $200 miliyoni.

Musaganize kuti ndi Africa yokha. Mu Meyi 2015 apolisi a ku Switzerland anagogoda zitseko za akuluakulu a FIFA pa hotela ya Baur au Lac ku Zurich mbandakucha, ndipo chikalata cha milandu chinachokera ku Brooklyn konkuja. Njira yake inali yomweyo, ziphuphu za madola zodutsa m'mabanki a ku America. Joaquín Guzmán wa ku Mexico, wodziwika kuti El Chapo, mkulu wa gulu lozembetsa mankhwala osokoneza bongo, anapezeka wolakwa kumeneko mu Febuluwale 2019 n'kulamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse. Pomubweretsa kuchokera kundende ya ku Manhattan, apolisi ankatseka mlatho wa Brooklyn kuti mdipiti wa magalimoto udutse. Genaro García Luna, yemwe anali nduna ya zachitetezo ku Mexico, anapezeka wolakwa komweko mu 2023. Kale mu 1992 John Gotti, mkulu wa gulu la zigawenga la Gambino, anathera m'khoti lomweli. Pa milandu yosumirana, wotchuka ndi wa asilikali omwe anadwala ndi mankhwala a Agent Orange ku nkhondo ya ku Vietnam, womwe unatha mu 1984 pamaso pa woweruza Jack Weinstein makampani atavomera kulipira $180 miliyoni.

Oweruza a khotili amasankhidwa ndi pulezidenti wa America, nyumba ya Senate n'kuvomereza, ndipo akalowa alowa, ntchito yake ndi ya moyo wonse. Weinstein uja analowa mu 1967 ndipo ankazengabe milandu zaka zoposa 50 pambuyo pake. Mipando ya oweruza ndi 15, ndipo pamwamba pa apo palinso akuluakulu omwe anachepetsa ntchito koma akumvabe milandu, ndi mamajisitireti omwe amaona za belo ndi zoyambirira. Makamera saloledwa pa milandu yaupandu, n'chifukwa chake munkangoona zithunzi zojambula pamanja za Chang atakhala pafupi ndi maloya ake.

Maganizo anga ndi awiri ndipo sagwirizana. Sizikundisangalatsa kuti dziko limodzi likhale ndi dzanja lalitali chonchi chifukwa chakuti tonse timagulira mafuta ndi feteleza m'ndalama yake, pomwe khoti la ku Maputo kapena ku Lilongwe silingaitanitse mkulu wa banki wa ku New York mofananamo. Koma maimelo ndi zikalata za ku banki zomwe zinawerengedwa poyera ku Brooklyn mu 2019 zinatsegula anthu maso pa zinthu zomwe akuluakulu ankafuna zikhale pansi pa mphasa. Mozambique nayonso inazenga mlandu wake, ndipo mu Disembala 2022 Ndambi Guebuza, mwana wa pulezidenti wakale uja, analamulidwa kukhala kundende zaka 12.

Pa funso lina loti kodi chigamulo cha ku Brooklyn n'chomaliza: ayi. Wopezeka wolakwa atha kuchita apilo ku Court of Appeals for the Second Circuit, lomwe limakhala ku Manhattan ndipo limayang'anira makhoti a fedulo a ku New York, Connecticut ndi Vermont. Kumeneko kawirikawiri oweruza atatu amaona ngati malamulo anatsatidwa, samvanso mboni. Pamwamba pake pali Supreme Court ku Washington, yomwe imasankha yokha milandu yoti imve, ndipo imatenga yochepa kwambiri pachaka. Koma jury ikamasula munthu, monga inachitira ndi Boustani, boma silingachite apilo.