Mwana wanga akukodza magazi, kodi ndi kukula?

FUNSO: Zikomo a Namwino. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi mtsinje wa Thuchila ku Mulanje. Mnyamata wanga wa zaka 11 akukodza magazi. Ndinazindikira tsiku lina pochapa kabudula wake wa sukulu, kutsogolo kunali timadontho tofiira. Nditamufunsa bwinobwino anati magaziwo amatuluka pomaliza kukodza, ndipo amamva kuwawa pang'ono. Apongozi anga akuti ndisade nkhawa, ndi kukula kumeneko, bambo akenso zinkawachitikira. Kodi n'zoona?
Mayi wodandaula, Mulanje

YANKHO: Mayi, si kukula kumeneko ayi. Apongozi anu akunena zimene anaona, poti kale anyamata ambiri a m'mbali mwa mitsinje ankadwala osadziwa kuti ndi matenda. Mwana wokonda kusambira akamatulutsa magazi pomaliza kukodza, kawirikawiri limakhala likodzo.

Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi odikha, m'madamu, m'zithaphwi ndi m'mbali mwa mtsinje momwe muli udzu. Timalowera pakhungu mwana akamasambira kapena kuwedza, ngakhale asamwe madziwo. Tikakhwima timakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo n'kumaikira mazira, ndipo mazirawo ndi amene amavulaza chikhodzodzo potuluka. Magazi munaona pa kabudula aja akuchokera pamenepo.

Mupite naye kuchipatala sabata yomwe ino akamuyeze mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'masukulu, ndipo kuchipatala cha boma salipiritsa. Amapereka potengera kulemera kapena kutalika kwa mwana, choncho musamupatse otsala a mnzake. Chonde ayambe wadya phala kapena nsima, chifukwa m'mimba mopanda kanthu mankhwalawa amabweretsa nseru ndi chizungulire.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ana ambiri amabwera nawo patatha zaka, magazi atachepa m'thupi, m'kalasi akungosinza. Likodzo likakhalitsa limatha kuwononga impso, ndipo ena limadzawabweretsera khansa ya chikhodzodzo atakula.

Ana awiri enawo akayezedwenso, ndi inunso mayi ngati mumachapa kumtsinje komweko. Mankhwalawa amachiza koma sateteza, akabwerera m'madzi omwewo adzatenganso. Azisamba madzi a pamjigo, kapena a kumtsinje amene akhala mu ndowa masiku awiri. Mumulangizenso, iye ndi anzake, kuti asamakodzere m'madzi, chifukwa mazira aja amabwerera kwa nkhono kudzera mu mkodzo.