Nyumba za Ajapani ku Vancouver zinagulitsidwa bwanji eni ake osavomera?

Funso: Akonzi, ndamva kuti mumzinda wa Vancouver ku Canada munali dera la Ajapani lomwe nyumba zake zinagulitsidwa eni ake akukana. Kuno ku Blantyre timadziwa kuti munthu akakhala ndi chikalata cha umwini wa malo, palibe angagulitse poloti yake. Kodi anthuwo anali pa lendi chabe? Wowerenga, Chilomoni.

Yankho: Ena analidi pa lendi, koma panalinso ambiri amene anagula nyumba ndi masitolo m'dera la Powell Street, komwe Ajapani anayamba kukhazikika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo zikalata zawo zinali zolongosoka.

Zinthu zinasintha dziko la Japan litaphulitsa doko la asilikali a America la Pearl Harbor mu Disembala 1941, Canada n'kuyamba nkhondo ndi Japan. Chaka chotsatira, boma la Canada linasamutsa anthu a mtundu wa Chijapani pafupifupi 22,000 amene ankakhala m'kati mwa makilomita 160 kuchokera kugombe la nyanja ya Pacific, ngakhale kuti ambiri mwa iwo anabadwira m'dzikolo kapena anali atalandira kale unzika. Katundu wawo anamuika m'manja mwa ofesi ya boma yosunga katundu wa adani, ya Custodian of Enemy Property, yomwe inalonjeza kuti ingowasungira. Koma mu Januwale 1943 nduna za boma zinapatsa ofesiyo mphamvu zogulitsa katunduyo popanda chilolezo cha eni ake.

Apa ndi pomwe pagona yankho la funso lanu. Chikalata cha malo chimakutetezani kwa mnansi wosuntha malire kapena kwa kathyali wofuna kugulitsa poloti kawiri, koma mphamvu zake zimachokera ku boma lomwelo, ndipo boma likasintha lamulo, wosunga katundu angathe kusaina m'malo mwanu ndipo kaundula amalemba dzina la wogula ngati kuti malondawo ayenda mwachilungamo. Chopweteka kwambiri n'chakuti ndalama zogulitsira nyumbazo sanazipereke zonse kwa eni ake nthawi imodzi. Ofesiyo inkazitulutsa pang'onopang'ono kuti anthuwo azidzisamalira okha m'misasa momwe anawatsekera.

Ena anakasuma kukhoti koma anagonja mu 1947. Bungwe lofufuza madandaulo lotsogozedwa ndi woweruza Henry Bird, lomwe linakhazikitsidwa chaka chomwecho, linangoyang'ana ngati mitengo inali yotsika, osati ngati kugulitsako kunali koyenera. Pamene anawalola kubwerera kugombe pa 1 Epulo 1949, nyumba zija munali mutalowa ena, ndipo mwa malo a Ajapani m'deralo, chodziwika kuti chinabwezedwa ndi mbali imodzi ya sukulu yophunzitsa Chijapani ya mumsewu wa Alexander. Mu 1988 nduna yaikulu Brian Mulroney inapepesa, ndipo aliyense mwa ozunzikawo amene anali adakali moyo anali ndi ufulu wolandira chipepeso cha madola a ku Canada 21,000.