Pulani ya county siingaletse yokha nyumba kumangidwa pafupi ndi munda wanu ku Lancaster

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati inu ndi amuna anu muli ndi munda wa maekala 60 mu county (boma la dera) ya Lancaster ku Pennsylvania, m'dziko la America, kuti kampani yomanga nyumba yapempha township yanu (khonsolo ya dera lanu) kuti malo oyandikana nanu achoke m'gulu la minda, ndiponso kuti mudalembetsa munda wanu kuti utetezedwe koma mukuopa kuti ndalama zake zitha chifukwa cha mavuto a bajeti ku Harrisburg, likulu la Pennsylvania. Mwafunsa ngati pulani ya county ingaletse nyumbazo.

Yankho n'lakuti ayi, ndipo ambiri amadziwa zimenezi mochedwa. Pulani ya places2040, imene county ya Lancaster idavomereza mu 2018, imasonyezadi madera oyenera kumangidwa ndi oyenera kukhalabe minda. Koma lamulo la Municipalities Planning Code la 1968 lidaika mphamvu yosankha ntchito ya malo m'manja mwa makhonsolo ang'onoang'ono, amene ku Lancaster alipo 60, ndipo lamulo lomwelo limanena kuti chigamulo cha khonsolo sichingathetsedwe chabe chifukwa chakuti chasemphana ndi pulani. County imapereka maganizo ake, ndipo township iyenera kuitumizira pempholo masiku 30 msonkhano usanachitike, koma ovota ndi akuluakulu a township.

Choncho nkhani yanu muilimbikire ku township. Asanavote, ayenera kuchititsa msonkhano womva maganizo a anthu, kuulengeza m'nyuzipepala milungu iwiri yotsatizana, ndi kukhoma zikwangwani pamalo amene akufuna kusinthawo. Musadikire kalata pakhomo, pakuti lamulo limakakamiza kulembera eni malo amene akusinthidwawo, ndipo woyandikana nawo akhoza osalandira kanthu. Pemphani mwa kalata mapepala onse a kampaniyo pogwiritsa ntchito lamulo lolola anthu kuona mapepala a boma la Right-to-Know Law, limene limapatsa ofesi masiku 5 ogwira ntchito kuti iyankhe. Pamsonkhanopo mutchule dzina lanu ndi malo anu, mupereke zolembedwa, ndipo munene zinthu zogwirika: kumene madzi a mvula adzathamangire, msewu umene thirakitala yanu imadutsa, chitsime chimene ziweto zimamwa. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kunena za kukongola kwa dera ndi thukuta limene mudakhetsa, koma woweruza amawerenga zimene zidalembedwa tsiku limenelo.

Akavomereza pempholo, nthawi ndi yochepa kwambiri. Ngati dandaulo lanu ndi lakuti sadatsate ndondomeko, monga kulengeza molakwika, mumakasuma ku khoti la county lotchedwa Court of Common Pleas pasanathe masiku 30 kuchokera pa tsiku limene lamulo latsopano losintha ntchito ya malowo liyamba kugwira ntchito. Ngati mukutsutsa lamulolo palokha, mwachitsanzo kuti akondera munthu mmodzi pakati pa minda yokhayokha, mumayambira ku zoning hearing board, komiti ya township yomva madandaulo a kagwiritsidwe ntchito ka malo. Pezani loya wa kumeneko voti isanachitike.

Pa za kuteteza munda, chimene county imagula ndi ufulu womanga pamalopo. Mundawo umakhalabe wanu, mukhoza kuugulitsa kapena kusiyira ana, koma chiletso cholembedwa pa mapepala a malowo chimatsatira aliyense wodzaulandira, ndipo n'chamuyaya. Ndondomeko ya Pennsylvania imeneyi idakhazikitsidwa mu 1988, anthu atavotera ngongole ya madola 100 miliyoni chaka cha 1987, ndipo gawo lina la ndalama zake limachokera ku msonkho wa ndudu, pamene county nayo imawonjezera zake. N'zoona kuti bajeti imachedwa. Ya chaka choyamba pa 1 July 2015 idatha kukonzedwa mu March 2016. Koma kuchepa kwa ndalama kumangotalikitsa mzere wa odikira, pakuti minda imasanjidwa potengera nthaka, mmene ikusamalidwira ndi chiopsezo cha kumangidwa. Kulembetsa sikupatsa munthu chitsimikizo chakuti county imugula ufulu womangawo chaka chakuti, ndiponso sikumumanga manja mpaka atasaina mgwirizano. Funsani a Agricultural Preserve Board, bungwe la county loyendetsa ndondomekoyi, malo amene muli pa mndandanda, muwauzenso za pempho la kampaniyo. Ngati mzere watalika, kuli bungwe loima palokha loteteza minda la Lancaster Farmland Trust, ngakhale kuti malipiro ake ndi ena.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musasaine chifukwa cha mantha, kaya ndi county kaya ndi kampani imene mwina ibwera kwa inunso. Ngati munda wanu uli pa msonkho wotsika wa minda wotchedwa Clean and Green, kuusandutsa malo a nyumba kumabweretsa msonkho wobweza wa zaka 7 ndi chiwongoladzanja cha 6 peresenti. Ngati musankha chiletso chamuyaya, khalani pansi ndi ana anu kaye, muone ngati mgwirizanowo ukulola nyumba ina ya banja, ndipo ngati mundawo uli ndi ngongole, mulankhule ndi banki msanga, chifukwa nayo iyenera kuvomereza.