Injini ikamakana kutentha: yankho kwa bambo wa ku Luchenza

Bambo wina wa ku Luchenza, amene amayendetsa Toyota Corolla yakale ya petulo pa msewu wa Luchenza, Thyolo mpaka Limbe, wanditumizira kalata pa imelo. Akuti muvi wa geji ya kutentha kale unkaima pakati, koma masiku ano umangosuntha pang'ono kuchoka pa C, mbali ya kuzizira. Pokwera chitunda umakwerako, koma akangoyamba kutsetsereka kuchokera ku Bvumbwe umagweratu pansi. Hita ikutulutsa mpweya wozizira, moti m'mawa wa chiperoni galasi la kutsogolo limachita nthunzi ndipo amalipukuta ndi kansalu uku akuyendetsa. Mafuta nawonso akutha msanga. Atapita ku galaja anawauza kuti asadandaule, injini yozizira ndiye yabwino, yoopsa ndi yowira. Akufunsa ngati zimenezi zili zoona.

Bambo, si zoona ayi. Injini yowira imafa tsiku limodzi aliyense akuona, n'chifukwa chake timaiopa. Yozizira imatha pang'onopang'ono, ndipo nthawi yonseyo ikukudyerani ndalama pa filing'i siteshoni.

Injini ngati yanuyo anaipanga kuti izigwira ntchito madzi ake atatentha pakati pa madigiri 85 ndi 95 kapena kupitirirako pang'ono. Pamenepo zitsulo za mkati zimakhala zitafufuma n'kukwanirana bwino, oyilo wasungunuka ndipo akufika paliponse. Madzi akakhala ozizira, sensa imauza kompyuta ya galimoto kuti injini sinadzukebe, ndiye kompyutayo imawonjezera petulo monga inkachitira tchoko pa magalimoto akale. Zimenezi zimayenera kuchitika mphindi zochepa zokha m'mawa. Kwa inu zikuchitika ulendo wonse. Petulo wowonjezerayo sapsa yense: wina amadetsa mapulagi ndi mwaye, wina amatsuka oyilo wa m'makoma a silinda n'kutsikira mu sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, kumene amachepetsa mphamvu ya oyilo. Komanso mu injini iliyonse mumapangika chinyezi, chimene chimauma oyilo akatentha mokwanira. Akapanda kutentha, chinyezicho chimasakanikirana ndi oyilo. Tsegulani chivindikiro chothirira oyilo muyang'ane kunsi kwake. Mukapeza zoterera zoyera motuwira, koma madzi mu rediyeta sakuchepa, kawirikawiri n'kuzizira komweku. Ngati madzi akuchepa, pamenepo tiganizire za gasiketi ya hedi, imene ndi nkhani ina.

Pa zonse mwalembazi, chimene chandiuza zambiri ndi chakuti muvi umagwa mukamatsetsereka. Potsika phiri phazi limachoka pa mafuta, injini imapanga moto wochepa, pomwe mphepo yozizira ikuwomba rediyeta mwamphamvu. Galimoto yabwinobwino imadziteteza ndi thermostat, kachitseko kamene kamakhala pakati pa injini ndi rediyeta. Mkati mwake muli phula limene limafufuma likatentha n'kukankha chitsekocho kuti chitseguke, ndipo madzi akazizira sipuling'i imachitsekanso. Pa ma Toyota ambiri kamayamba kutseguka pa madigiri 82, nambalayo imalembedwa pa chitsulo chake, ndipo pofika cha m'ma 95 kamakhala katatseguka konse. Ngati kachitsekoka kamatirira kali kotsegula, kapena mulibemo n'komwe, madzi amangozungulira mu rediyeta osaletsedwa. Ine ndikuganiza kwambiri kuti mu galimoto yanuyo mulibemo.

Ndikutero chifukwa kuno kwathu kuchotsa thermostat kwasanduka mwambo. Galimoto ikangotentha kamodzi, chinthu choyamba kutayidwa kuseri kwa galaja ndi chimenechi, amvekere zimenezi n'za ku Japan kozizira, kuno sizifunika. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa amene amalipira ndi mwini galimoto, amene sanauzidwe n'komwe. Ndipo wonena kuti kuno sikuzizira sanadutsepo m'minda ya tiyi ya ku Thyolo mbandakucha mu Juni kapena Julayi, nkhungu itatseka msewu. Ngakhale ku Nsanje mu Okutobala mpweya sufika madigiri 82, ndiye injini imafunabe thermostat kuti itenthe msanga ndi kukhazikika pamalo amodzi. Kumbukirani bwino, Bambo: kodi vutoli silinayambe galimoto itangochoka ku galaja kokonzetsa rediyeta kapena pampu ya madzi?

Musanagule kanthu, yambani ndi madzi. M'mawa injini isanalizidwe, tsegulani chivindikiro cha rediyeta muone ngati madzi ali odzaza mpaka pakhosi. Izi n'zofunika kwambiri, chifukwa madzi akachepa zedi sensa imatsala pouma ndipo geji imatha kunama kuti injini yazizira pomwe ikupsa, hita nayo n'kumatulutsa mpweya wozizira. Chivindikirocho musachitsegule injini ili yotentha, madzi ake amathovokera kumaso.

Madzi akakhala okwanira, lizani injini muisiye ikulira yokha, inu mugwire paipi yaikulu ya pamwamba yolowa mu rediyeta, dzanja ndi malaya zili kutali ndi fani ndi lamba. Pa galimoto yabwino paipiyo ndi rediyeta zimakhala zozizira kwa kanthawi ndithu, muvi uku ukukwera, kenako muvi ukayandikira pakati rediyeta imatentha mwadzidzidzi. Ndiye kuti thermostat yatseguka pa nthawi yake. Koma ngati paipi ndi rediyeta ziyamba kufunda pang'onopang'ono kuyambira mphindi zoyambirira, osafika potentha kwenikweni, madzi akudutsa osaletsedwa. Kuyesa kumeneku sikulira ndalama ndipo nthawi zambiri kumathetsa mkangano.

Muli pomwepo yang'anani fani. Pa Corolla fani ndi ya magetsi ndipo siyenera kuzungulira injini ikangolira kumene, pokhapokha mutayatsa AC, choziziritsa mpweya m'galimoto. Ikamazungulira mukangotembenuza kiyi, mwina rileyi, kaswichi ka magetsi koyatsa faniyo, yamatirira, mwina sensa yazulidwa, kapena wina analumikiza waya dayirekiti. Kulumikiza dayirekiti ndi kuchotsa thermostat zimayendera limodzi, wochita chimodzi amachitanso chinacho. Kwa a mapikapu amene fani yake imayendetsedwa ndi lamba, yesani kuizunguliza ndi dzanja injini ili yozimitsa ndi yozizira. Ikakanirira osasuntha, kalatchi yake yagwira.

Geji payokha imathanso kunama, koma kwa inu sindikuganiza choncho, popeza hita nayo ikuvomereza kuti madzi ndi ozizira. Mukafuna kutsimikiza, amakaniko amene ali ndi makina oyezera pa kompyuta angakuonetseni madigiri enieni amene sensa ikuwerenga. Magalimoto ena amayatsa nyali ya check engine n'kusunga nambala P0128, imene imatanthauza kuti madzi sakufika pa kutentha kofunika. Amene muli ndi magalimoto opanda muvi, okhala ndi kanyali kabuluu kokha, chizindikiro chanu ndi kanyaliko kuchedwa kuzima, kapena kuyakanso mukamatsika phiri.

Kukonza kwake si kovuta. Pa injini zambiri za Toyota thermostat imakhala pomwe paipi ya pansi ya rediyeta imalowera mu injini, m'kachigoba komangidwa ndi manati awiri. Mukatsegula n'kupeza ilimo, ionetseni ku dzuwa: yozizira iyenera kukhala yotseka kotheratu, ndipo kuwala kukamadutsa m'mbali mwa chitsekocho ndiye kuti yatha. Yatsopano mukaigula, iyeseni musanaimange. Imangirireni ku kawaya, muilendeweretse mu poto wa madzi pamoto osakhudza pansi. Iyenera kutseguka madzi asanawire, ndi kutsekanso mukaivuula. Ndimalimbikitsa zimenezi chifukwa zabodza zilipo zambiri, ndipo thermostat yokana kutseguka ndi imene imaphikadi injini. Gulani ya madigiri amene anapangira injini yanu, ndi mphira wake watsopano. Pomanga, mbali ya sipuling'i iloze ku injini, ndipo kamsomali kogwedera kamene kali m'mphepete mwake kakhale kumwamba, chifukwa ndi potulukira mpweya. Thirani coolant, madzi apadera a mu rediyeta, osati madzi a pa mjigo okhaokha, amene amasiya dzimbiri ndi zokakamira m'timapaipi ta rediyeta. Kenako ikani hita pa kutentha, lizani injini chivindikiro cha rediyeta chili chotsegula mpaka thovu la mpweya litasiya kutuluka, wonjezerani, tsekani, ndipo mawa lake m'mawa muonenso mlingo wa madzi.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna muchiphonye. Ngati mwapeza kuti thermostat inachotsedwa, dziwani kuti mwina wochotsayo ankabisa vuto lina, ndipo vutolo likhoza kukhala likadalipo. Mukabwezeretsa, galimoto ikhoza kuyamba kutentha pokwera kuchokera ku Luchenza kupita ku Thyolo, anthu n'kumati mwaona, tinanena ife. Wolakwa si thermostat. Yang'anani ngati rediyeta yatsekeka mkati, ngati zipsepse zake zadzaza matope ndi udzu, ngati chivindikiro chake chikugwirabe mphamvu, ngati pampu ya madzi ikukankha bwino, ndiponso ngati fani ikuyaka yokha injini ikatentha mokwanira. Pa injini zambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amabwererako mu injini osadutsa mu rediyeta, kotero ikachotsedwa madzi ena otentha amangozungulira mkati momwemo.

Mukamaliza zonse sinthani oyilo ndi fyuluta yake ngakhale nthawi yake isanakwane, chifukwa amene alimoyo wamwa petulo ndi chinyezi kwa nthawi yaitali. Mapulagi nawonso muwatulutse, akakhala akuda ndi mwaye muwatsuke kapena kuwasintha. Ulendo wotsatira wa ku Limbe muziyang'ana muvi: uyenera kufika pakati musanapite patali, ndipo ukhale pomwepo pokwera ku Bvumbwe ndi potsika pomwe. Mukaona kuti ukugwabe thermostat yatsopano ilimo ndipo fani ili bwino, kayezetseni sensa ndi mawaya ake, ndipo mundilembere zimene makina awerenga.